DT175 yanga ikufuka utsi, oilo wa mu giyabokosi akungotha: kodi ndi ma silo a crankshaft?

Funso la lero lachokera kwa m'bale wathu wina yemwe ali ndi njinga yamoto yoyendera m'tchire, walemba chonchi:

"Akulu ndithandizeniko nzeru. Ndili ndi Yamaha DT175 yakale ndithu, ndinagula kwa munthu yemwe anaiimika zaka ziwiri osailiza. Nditatsuka kabuleta ndikusintha pulagi inalira bwinobwino, koma pano ikufuka utsi wambiri wonunkha moipa, oilo wa mu giyabokosi ndikathira sabata ino sabata yamawa watsika pomwe pansi sipakudontha kanthu. Chinanso ikatentha ndikasiya moto siikutsika msanga, imayamba yalira mokwera ngati ndagwirabe. Wina akuti ndisinthe pisitoni ndi maringi, wina akuti ndi ma silo a crankshaft ndipo injini yonse iyenera kung'ambidwa. Nditani?"

Achimwene mtima m'malo, injini yanuyo siinafe. Zomwe mwalongosolazi ndazionapo kosawerengeka pa ma two-stroke omwe akhala nthawi yaitali ali chiimire, ndipo nthawi zambiri nkhani yake imathera pa timphira tiwiri totseka mpweya ndi oilo, ma silo a crankshaft mwatchulawo, toti mutha kutifumbata mdzanja limodzi. Koma tisanapite patali ndikupempheni chinthu chimodzi, iimikeni kaye njingayo. Osati chifukwa cha utsiwo ayi, utsi umanyansa koma siupha injini tsiku limodzi. Chomwe chandidetsa nkhawa ndi chija mwachitchula komalizira ngati chaching'ono, choti mukasiya moto ikuchedwa kutsika.

Iwalani kaye za injini ya galimoto. Kumeneko pansi pa injini ndi posungira oilo basi, silo ikatha oilo amangodonthera pansi inu nkuona nkumayendabe mukuwonjezera. Two-stroke nkhani yake ndi ina. Chipinda chomwe crankshaft (chitsulo chomwe pisitoni imachizunguza) imazunguliramo, crankcase ija, ndiye mapapo a injiniyo. Pisitoni ikamakwera imakoka mpweya wosakanikirana ndi petulo ndi oilo kuchokera ku kabuleta kudutsa pa reed valve (kavalavu kolola mpweya kulowa koma osabwerera) kulowa m'chipindamo, ikamatsika imaufinya mpweya uja nkuukankhira pamwamba kudzera m'timakwalala ta m'mbali mwa silinda. Injini ikakhala pa 6000 rpm ndiye kuti kukoka ndi kufinyaku kukuchitika ka 100 pa sekondi iliyonse. Chipinda chimenechi chimayenera kukhala chotsekeka ngati botolo, koma crankshaft nayo iyenera kutulukira mbali zonse ziwiri, kumanzere kukazunguza flywheel (gudumu la maginito lomwe limapanga magetsi), kumanja kukapereka mphamvu ku kilachi. Pa malo awiri otulukirawa mpomwe pali ma silo aja, ndipo iliyonse ikatha imadwalitsa injini mwamtundu wakewake.

Ya ku kilachi, kuseri kwake kuli oilo wa mu giyabokosi. Ikafooka, pisitoni ikakwera injini imayamwa oilo uja nkukamuwotcha limodzi ndi petulo. Ndi chifukwa chake pansi simukuona dontho olo limodzi, oilo wanu akutulukira ku ekizozi. Utsi wake ndi wokhuthala, wotuwirako, sumatha olo injini itenthe bwanji, ndipo fungo lake silifanana ndi la 2T (oilo wa two-stroke) lomwe munalizolowera, limakhala ngati mphira wopserera. Mukamasula pulagi mumaipeza yonyowa yakuda bii, kumapeto kwa ekizozi kukuchucha phala lakuda. Ine silo imeneyi ndimati ndi yachilungamo chifukwa imadziulula yokha. Komabe musaipeputse, oilo wa magiya sanapangidwe kuti aziwotchedwa, amaunjika makala pamutu pa pisitoni ndi m'maringi, ndipo tsiku lomwe mudzaiwale kuwonjezera magiya adzayenda ouma.

Ya ku flywheel ndiye yoopsa chifukwa imapha mwakachetechete. Kuseri kwake kulibe oilo, kuli mpweya wokha, nde ikatha injini imayamwa mpweya womwe sunadutse ku kabuleta, wopanda petulo, wopanda 2T. Pa two-stroke petulo ndi amene amathandiza kuziziritsa pisitoni komanso ndi mpweya wa petulo womwewo umene umanyamula oilo kukafika nawo ku ma bering'i, ndiye petulo akachepa injini imatentha mopyola muyezo kwinaku mafuta akuipereweranso. Zizindikiro zake ndi zomwe mwanenazo, kuchedwa kutsika mukasiya moto, idling yosakhazikika lero apa mawa apo, sikulu ya mpweya pa kabuleta kuipotoza osamva kusintha kulikonse, pulagi kuyera mbee ngati phulusa. Chonyenga nchoti kutangotsala pang'ono kuti inoke, njinga imamveka yopepuka yothamanga kuposa kale, munthu nkumakondwa.

Sindiiwala injini ina yomwe inabwera kwa ine mwini wake atasintha kale pisitoni kawiri. Yachiwiriyo anabwera nayo m'thumba, pamutu pake pali chibowo choti chala cha kanise chimalowa, m'mphepete mwake mutasungunuka ngati kandulo. Munthuyo anali atataya mtima, akuti mwina silinda ndi yopindika. Titatsegula chivindikiro cha ku flywheel tinapeza mkati monse muli thukuta la oilo losakanikirana ndi fumbi lofiira la dzimbiri, ndipo silo titaigwira ndi chikhadabo inathetheka ngati khungwa louma. Ma pisitoni awiri onsewo anaphedwa ndi kamphira kamodzi kameneko. Ndiye amene akukuuzani kuti musinthe pisitoni ndi maringi, ndikumvetsa komwe akuchokera chifukwa utsi aliyense amathamangira maringi, koma pa two-stroke maringi otha salowetsa oilo wa mu giyabokosi mu silinda, njira yake palibe. Mukaika pisitoni yatsopano mpweya ukulowabe chakuba mwangoipereka nsembe. Ngakhale geji yoyezera compression siingakuuzeni kanthu pa nkhani iyi, imayeza pamwamba pa pisitoni pomwe vuto lili pansi.

Komanso sindikufuna muthamangire kugula ma silo chifukwa choti ine ndanena. Pali zina zomwe zimanamiza. DT175 ili ndi pampu ya Autolube yomwe imathira 2T mu injini, nthambo yake ikakokedwa mopitirira kapena pampuyo ikamadontha njinga ili chiimire, utsi umachuluka chimodzimodzi, kusiyana kwake nkoti chimatsika ndi thanki ya 2T osati giyabokosi. Mpweya nawo utha kulowera pa mphira wolumikiza kabuleta ndi injini yemwe amang'aluka akakalamba, pa gasiketi ya reed valve, pa gasiketi ya pansi pa silinda, ngakhale pa mgwirizano wa pakati pomwe mbali ziwiri za crankcase zimakumana. Pilot jet, kabowo ka mu kabuleta kodutsira petulo pa idling, ikatsekeka pang'ono imachedwetsanso kutsika. Kwa anzathu a njinga zoziziritsa ndi madzi, utsi woyera wonunkhira motsekemera ndi madzi a mu radieta amenewo, onani gasiketi ya hedi.

Chomwe chimathetsa mkangano wonsewu ndi kuyeza ndi mpweya, ndipo apa mpomwe ndikufuna tikhalitsepo chifukwa amakaniko ambiri amapalumpha. Mumachotsa ekizozi nkutseka pakamwa pake ndi chigamba cha mphira wa chubu chopanidwa ndi kachitsulo kafulati. Mumachotsa kabuleta nkulowetsa chotsekera mu mphira wake uja, chotsekeracho chikhale ndi kapaipi kopita ku geji ndi kopopera. Pulagi ikhale yomanga, pisitoni muiike pansi penipeni kuti timakwalala tonse titseguke. Kenako mumapopa ndi dzanja pang'onopang'ono mpaka 5 kapena 6 psi, yomwe ndi pafupifupi 0.4 bar, nkusiya. Chonde musayerekeze kulumikiza kompuresa, itha kutulutsa silo yabwinobwino pamalo pake mutayambitsa vuto lomwe panalibe. Ngati mulibe geji yaing'ono, kachipangizo kamanja koyezera BP kaja kamagwira ntchito bwino zedi, geji yake imalekezera pa 300 mmHg yomwe ndi pafupifupi 5.8 psi, ndipo kopopera kake kali pomwepo. Injini yabwino imasunga mpweyawo mphindi 5 mpaka 6 muvi osasuntha kapena kungotsika pang'ono chabe. Ukamatsika mukuona ndi maso, tengani madzi a sopo m'kabotolo muzithira paliponse pomwe pali gasiketi, pomwe pakutuluka thovu mpomwe pali wakuba. Silo ya kumanzere mumaiona mutachotsa flywheel. Ya ku kilachi simuiona ili mkati, koma pakani sopo pa kapaipi kopumira ka giyabokosi kapena mangiranipo chala cha golovesi ya mphira, chikayamba kufufuma basi mwaigwira.

Mukakhala ndi pampu yoti imakokanso, yezani ndi kukoka komwe. Mlomo wa silo utha kugwira bwino ukamakankhidwa nkumatseguka ukamakokedwa, nde pali ma injini ena amakhoza mayeso oyamba nkulephera achiwiri. Zungulitsaninso crankshaft pang'ono uku mukuyang'ana geji, pena silo imadontha pa malo amodzi okha.

Musadalire njira ija yofufuza polowera mpweya wakuba popopera carb cleaner, mankhwala otsukira kabuleta, injini ikulira. Pa mphira wa kabuleta imathandizako, koma pafupi ndi flywheel pali magetsi, moto utha kubuka nkukupsetsani kumaso.

Tsopano funso lomwe ambiri safunsa, silo inatha chifukwa chani? Kwa inuyo ndikuganiza ndi kukhala kuja. Mphira amafuna kunyowa ndi oilo, akakhala zaka ziwiri osazungulira amauma nkumamatira pa chitsulo, tsiku loyamba kukika mlomo wake umang'ambika, kapena dzimbiri lomwe lamera pomwe umakhudza limaupala ngati sandipepa. Petulo wosakaniza ndi ethanol amawonjezeranso vuto, amakoka chinyezi ndipo mphira wakale sagwirizana naye. Koma chifukwa china chachikulu ndi ma bering'i a crankshaft. Musanamasule chilichonse gwirani flywheel ndi manja awiri muigwedeze m'mwamba ndi pansi, kutsogolo ndi kumbuyo. Kusuntha pang'ono kolowa mkati ndi kutuluka sikodetsa nkhawa, koma m'mwamba ndi pansi musamve kalikonse, mukangomva kakugogoda olo kochepa bwanji ndiye kuti bering'i yatha. Pamenepo silo yatsopano siikhalitsa, crankshaft yovina imaikulitsa pakamwa masiku ochepa okha. Mvetseraninso injini ikamalira, bering'i yotha imachita mkokomo wa guuu pansi womwe umakula ndi moto.

Apa ndiye payankhidwe funso lanu loti injini ing'ambidwe kapena ayi. Ma bering'i akakhala abwino, pa njinga zambiri za silinda imodzi ngati yanuyo ma silo onse awiri amatuluka ndi kunja injini ili pa fulemu. Si zonse zili chonchi, mwachitsanzo Yamaha Banshee ija ya mateyala anayi ndi masilinda awiri, silo yake ya ku kilachi ili ndi kamzere kotukuka komwe kamalowa mu mpata wa crankcase moti siituluka osatsegula, ndipo pakati pa masilinda pali ina yachitsulo ya labyrinth yomwe kuti muifike crankshaft iyenera kupatulidwa pa pulesi. Palinso injini zina zakale zomwe silo imalowera mkati. Nchifukwa chake buku la njinga yanu muliyang'ane kaye musanagwire sipanala.

Sinthani onse awiri nthawi imodzi, anabadwa tsiku limodzi amenewo. Pa silo iliyonse pamalembedwa manambala atatu, kukula kwa bowo lamkati, kukula kwa kunja ndi kunenepa kwake mu mamilimita, koma musamangotola iliyonse yofanana manambala. Silo wamba inapangidwa kuti izitchinga oilo mbali imodzi, pomwe ya crankshaft imalimbana ndi petulo, kutentha, kukoka ndi kukankha, ndipo ya ku kilachi kawirikawiri imakhala ya milomo iwiri. Ine ndimakonda yoyambirira ya kampani, ikasowa ndimafuna ya mphira wa mtundu wa Viton chifukwa imapirira kutentha mpaka cha m'ma 200°C pomwe mphira wamba wa nitrile amayamba kuuma akangodutsa 100°C. Samalaninso ndi silo yomwe yakhala pa shelefu zaka zambiri, ipindeni mlomo ndi chala, ikakhala yolimba isiyeni.

Ku flywheel, pezani puller yake yeniyeni, chida chozulira flywheel, yomwe imamangira m'mazinga a pakati pa flywheel. Pa ma Yamaha ambiri a mtundu uwu ndi ya M27x1.0 ndipo mazinga ake ndi amanzere, nde musadabwe ikamakana kulowa mukamapotoza mwachizolowezi. Hamala ayi, chitsulo chopanira kumbuyo ayi. Kumenya flywheel kumawononga maginito, kumapinda crankshaft ndi kupweteka bering'i yomwe inali yabwino, ndaonapo nsonga ya crankshaft itafutukuka ngati bowa moti nati siingalowenso. Musanamasule mbale ya makoilo lembani kamzere pa mbaleyo kudutsira pa crankcase kuti timing idzabwerere pomwe inali, ndipo kakiyi kaja kooneka ngati mwezi wongokhala kumene mukasunge pabwino chifukwa kamasowa msanga. Ku kilachi mukhuthule oilo kaye, nati ya primary gear, giya ya pa nsonga ya crankshaft yozunguza kilachi, muimasule kilachi isanachoke, mutapanira kachidutswa ka aluminiyamu kapena kopa pakati pa mano a magiya, osati sikuludilaiva yomwe imathyola dzino.

Silo yakale musanaichotse ijambuleni pa foni, mbali yomwe yayang'ana komanso kuya komwe yalowa. Ya ku flywheel kasipuling'i kake kamayang'ana mkati, koma ya ku kilachi zimasiyana injini ndi injini ndiye chithunzicho ndi buku ndizo zikutsogolereni. Pochotsa ine ndimaboola kabowo kakang'ono pa chitsulo cha siloyo, nkumangiramo kasikulu mazinga awiri atatu okha, nkukoka ndi pulayasi. Musalowetse kwambiri, bering'i ili kuseri komweko. Kukanda crankshaft kapena khoma lomwe silo imakhalamo ndiye kulakwa kwakukulu, kamzere kamodzi kokha mpweya wapeza njira mpaka kalekale.

Ikatuluka yendetsani chikhadabo pomwe mlomo umakhudza. Chikakodwa m'kangalande ndiye kuti chitsulo chadyeka. Ku kilachi injini zambiri silo siikhudza crankshaft yeniyeniyo koma kolala yachitsulo yomwe imachotseka, imeneyo mungosintha, ndipo ngati kuseri kwake kuli O-ring musinthenso chifukwa kameneko kokha katha kulowetsa oilo silo ili yatsopano. Kangalande kakakhala pa crankshaft penipeni pali timalaya topyapyala tachitsulo, a SKF amatitcha Speedi-Sleeve, tomwe timavekedwa pamenepo.

Poika yatsopano kulungani tepi pa nsonga ya crankshaft kuti mpata wa kiyi ndi mazinga zisacheke mlomo, pakani 2T pang'ono pa mlomowo, nkuikankha mowongoka ndi soketi kapena paipi yomwe ikugwira m'mphepete mwakunja. Menyani mofatsa mukuzungulira mukuyang'ana, ikangoyamba kupendama bwererani. Isapitirire kuya kwa yakale ija chifukwa injini zambiri zili ndi kabowo kotsitsira oilo pakati pa silo ndi bering'i, mukakatseka bering'i iyenda ndi ludzu. Ma silo a PTFE (a mlomo wa Teflon) okha ndi amene amaikidwa ouma, werengani pepala lake. Pobwezera flywheel pomwe imakhala popendekera paja pakhale poyera pouma opanda girizi, chimagwira flywheel ndi kukanikizana kwa zitsulo ziwirizo, kiyi ntchito yake nkulondolera basi. Manati mumange ndi torque wrench pa muyezo wa m'buku. Mukamaliza bwerezani mayeso a mpweya aja musanailize.

Ikalira musakhumudwe kuona utsi ukadalipo. Oilo yemwe anadzadza mu ekizozi ndi pansi pa crankcase amatenga maulendo angapo kuti apse, ndipo thonje la mu silencer ngati lanyowa kwambiri lisintheni. Chomwe muziyang'ana ndi mulingo wa giyabokosi, ukaima ndiye kuti zatheka. Ngati inu kapena mwini wake wakale munakulitsa jet kapena kukweza idling pofuna kubisa vutoli, zibwezereni mwakale apo ayi pulagi izinyowa. Kuwonjezera 2T wambiri sikuchiza mpweya wolowa chakuba, ndipo mankhwala othira mu oilo omwe amati amafufumitsa ma silo ine sindiwakhulupirira pa two-stroke.

Chinthu china muchidziwiretu. Injini yoyamwa mpweya pena imatha kuthawa yokha, kulira mpaka mapeto olo muzimitse kiyi siimva chifukwa makala otentha mu silinda akuyatsa okha. Zikakuchitikirani musasokonezeke, kokani choke, kapena tsekani polowera mpweya ndi nsalu, kapena pondani buleki mwamphamvu muike giya yaikulu nkusiya kilachi kuti izime.

Posamala kutsogoloku sizambiri. Muziiliza kamodzi pa mwezi mpaka itenthe olo simukupita kulikonse. Mukawoloka madzi kapena mukatsuka, tsegulani chivindikiro cha flywheel muumitse, ndipo paipi ya madzi amphamvu musailunjikitse pamenepo. Fyuluta ya mpweya ikhale yoyera yopakidwa oilo wake, chifukwa fumbi lomwe ladutsa pamenepo limakafika ku ma bering'i ndi ku pisitoni. Nthawi iliyonse mwatsegula kumanzereko yang'anani pansi pa makoilo, pakhale pouma, kachinyezi ka oilo kakangooneka ndiye kuti silo yayamba kutopa.

Pomwe muyenera kupita kwa makaniko wodziwa ma two-stroke ndi pamene flywheel ikugwedera, pamene mayeso akuonetsa kuti mpweya ukutuluka pa mgwirizano wa pakati, kapena mukasuzumira pa bowo la ekizozi nkuona pisitoni ili ndi mizere yokandika kuchokera pamwamba kutsika. Kung'amba crankcase kumafuna zida zake, ma bering'i amalowa potenthetsa osati pomenya, ndipo crankshaft iyenera kuikidwa pa dial gauge kuti aone ngati siikupotoka, malire ake pa njinga zambiri ndi 0.03 mm. Mukafika kumeneko mufunseni ngati amayeza ndi mpweya akamaliza kumanga, akakuyankhani kuti sizofunika pitani kwa wina. Pakadali pano yambani ndi zitatu zosavutazi, suzumirani pisitoni pa ekizozi, gwedezani flywheel, popani 6 psi, nde mundilemberenso kuti muvi unatsika bwanji pa mphindi 6 ndipo thovu linatulukira pati.